Mtengo wa Madzi Otsekemera

"Nkhoswe yobwereka siimanga banja, akulu. Inu mumadziwa mabuku. Mwana wa mlongo wangayu simumudziwa."

"A Mtambalika, ine sanandibwereke. Tsiku la chinkhoswe ndinalipo, ndipo nkhuku munandipatsa ndi manja anu omwewa."

"Nkhuku ija bola ndikanadya ndekha."

"Munadyako. Chiwindi chonse chinathera kwa inu."

Tinali pakhonde pa nyumba ya koleji, masana a mwezi wotentha. Ine ndinakhala kumapeto kuno, mkazi wanga Ndaziona kumapeto uko, ndipo pakati pathu panali anthu awiri amene mwambo unawapatsa pakamwa pathu. A Mtambalika ndi atsibweni a Ndaziona, munthu amene anayendetsa malole mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Pulofesa Matewere ndi amene anandiphunzitsa ntchito yanga, ndipo poti ine atsibweni ndinalibe, iwowo ndiwo anandiimirira pa ukwati. Ankhoswe akakumana, eni banja sayankhula msanga. Amakhala phee ngati katundu amene anthu akulimbirana pa depoti.

Nkhani yake inali iyi. Ndinaitanidwa ku Amerika, ine ndi mkazi wanga, kuti ndikakhale chaka ndikuwerenga mapepala akale a anthu amene zolemba zawo ndakhala ndikuphunzitsa. Yankho linkafunika sabata isanathe. Pulofesa ankati mkazi wanga akukana ulendo, ndipo akupha ntchito ya munthu. A Mtambalika ankati mwana wa mlongo wawo watopa ndi kukokedwa ngati ngolo, mawa m'mawa akwera naye basi kubwerera kwawo, banja lithere pomwepo.

"Chaka chimodzi chokha," anatero Pulofesa akugogoda ndodo pansi. "Munthuyu wadikira moyo wake wonse."

"Wadikira ndani? Uyu? Uyu sadikira ngakhale papaya kuti lipse. Kafunseni mitengo imene mwana wathu wasiya m'matauni onse a dziko lino."

Ndaziona ankayang'ana mbande zake za mitengo zimene anazindandalika m'mphepete mwa khonde, m'machubu akuda. Ine ndinkayang'ana msewu. Mawu a akulu awiriwo anayamba kutalikira ngati wailesi ya nyumba yoyandikana, ndipo msewu uja unanditenga, monga umanditengera nthawi zonse.

Kwathu ndinachokako nditangolemba mayeso a Folomu 4. Zotsatira zinkachedwa, ndipo ine zodikira sindimazitha. Pamsika pathu panali bambo wina wogulitsa kaunjika. Tsiku lina akumasula belo, pakati pa majekete onunkha mankhwala panatuluka buku lalikulu lopanda chikuto. Iye ankang'ambako masamba, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumakulungira masokosi a makasitomala. Chimene chinatsala anandiponyera ine. M'menemo munali zolemba za anthu ambiri a dziko limodzi ndi nthawi imodzi: osaka anangumi panyanja yamchere, akapolo othawa m'minda ya thonje, alaliki okalipa, odula nkhalango, amayi olemba ndakatulo pafupi ndi windo kunja kukugwa sinowo. Chiyambi chinali chitapita ndi masokosi, mapeto chimodzimodzi. Ndinawerenga pakati pokha, pansi pa mtengo wa mthethe, mpaka nyerere zitandizolowera. M'mawa wina ndinavala nsapato zanga za kusukulu n'kunyamuka kukafuna masamba otsalawo.

Ndinayenda nthawi yaitali bwanji, sindikudziwa. Zotsatira za mayeso zinandipeza panjira, ngati galu wa pakhomo amene wakulondola. Tauni yoyamba inali ya fumbi. Fumbi linali pa mabanzi, pa makolala a ansembe, pa nsidze za ana. Kumapeto kwake kunali koleji, ndipo pageti panali mlonda wovala jekete lalikulu kuposa iye.

"Mukufuna chiyani?" anandifunsa.

Funso limenelo linandiopsa. Ndinangoti, "Andituma."

Ananditsekulira. Ndinaphunzira pomwepo kuti geti limatseguka msanga ukabisala kumbuyo kwa munthu wina.

Mkatimo ndinakhalamo zaka, ndipo ndimo ndinapezana ndi Pulofesa Matewere, tsitsi lawo lisanayere. Aphunzitsi a pakolejipo anali atagawana zaka za dziko lapansi ngati minda. Wina anatenga Angerezi akale. Ambiri ankalimbirana olemba a kuno kwathu mpaka kusiya kupatsana moni. Kumalire kwenikweni kunatsala tsala lina lomwe palibe ankalifuna, Amerika wa zaka za m'ma 1800, ndipo Pulofesa ankalima kumeneko okha. Nditawaonetsa buku langa long'ambika, analitembenuza kawiri, n'kulinunkhiza.

"Kaunjika," anatero. "Nanenso langa loyamba linali lotero. Khala pansi."

Anandiphunzitsa ntchito monga mmisiri aphunzitsira kugwira chipangizo. Ankati mawu alionse ali ndi mwini wake. Ukanena kanthu, ika kanambala kakang'ono pamwamba pake, ndipo m'munsi mwa tsamba utchule amene anayamba kunena. Ankatinso wakumva usamukhulupirire, ngakhale atakhala bambo ako. Ukamva kuti wakutiwakuti analemba zakuti, nyamuka upite ku gwero, ukaone ndi maso ako.

"Ndipo tchimo limene ine sindikhululuka," ankatero akundiloza ndi choko, "ndi kuika mawu m'kamwa mwa munthu amene sanawanene. Anthu athuwa anafa kalekale. Sangadzuke kuti akutsutse. N'chifukwa chake uziwaopa."

Pa zonsezi ine ndinakonda kanambala kaja. Kanali ngati khonde la eni pa nthawi ya mvula. Ukhoza kunena chinthu choopsa kwambiri, munthu akakuyang'ana n'kungomulozera m'munsi: si ine, ndi uyu. Posakhalitsa ndinkatha kuyankhula tsiku lonse osanena kanthu kanga.

Tauni yachiwiri inali ya mphepo. Zitseko zinkamenyeka zokha, ndipo amayi ankayenda atagwira mipango kumutu. Ndinapitako kukaphunzitsa koyamba. Panjira yopita ku koleji, mtsikana wina ankagulitsa mbande za mitengo: mango, mapeyala, malalanje, mibawa. Ndinaima pamenepo tsiku lina chifukwa cha mmene ankapindira khosi pothirira.

"Mukufuna uti?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Ndikungoona."

"Kuona n'kwaulere, koma mwanditchingira dzuwa. Mbande zanga sizidya chithunzithunzi cha aphunzitsi."

Ndinasuntha. Mawa lake ndinabweranso, ndi mkuja womwe. Ndinalibe cholankhula changa, choncho ndinabwereka kwa akufa anga. Ndinamuuza kuti kutsidya kwa nyanja yamchere kuli mtengo umene masamba ake amafiira ngati makala chisanu chikamayandikira, kenako n'kuyoyoka onse. Chisanu chikamatha, anthu amauboola pathunthu n'kukolekapo ndowa, ndipo umadontha madzi otsekemera. Madziwo amawawiritsa mpaka asanduke shuga.

"Bodza," anatero.

"Zinalembedwa."

"Mwaona kapena mwawerenga?"

"Ndawerenga."

Anapitiriza kukanya dothi. "Nanga akauboola chonchi suuma?"

Sindinkadziwa. Ndinathamangira ku laibulale, ndinasanthula mabuku mpaka mlonda atandithamangitsa, ndipo patapita masiku ndinabwerera ndili wefuwefu. "Suuma. Bala limapola. Chaka chamawa amaboola pena."

Apo m'pamene anandiyang'ana kumaso koyamba. "Amuna ena amandibweretsera sopo," anatero. "Wondibweretsera yankho sindinamuonepo."

Ameneyo anali Ndaziona, wa mfunda wa Gama. Ine zodikira sindimazitha, choncho mvula isanagwe ndinali nditapempha kale Pulofesa kuti akagogode kwa a Mtambalika. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumutchula Anagama, ndipo msewu unakhala wa anthu awiri.

Ntchito yangayi ilibe mizu. Makoleji ankandilemba kwa kanthawi, mwini mpando akapita kukaphunzira kapena akadwala, ndipo akabwera ine ndinkamanga mabuku m'makatoni. Kulikonse pageti ndinkapeza mlonda yemwe uja, jekete lomwe lija, funso lomwe lija, ndipo ndinkayankha kuti andituma. Kulikonse kunali chipinda chomwe chija: tebulo lalitali, botolo la madzi, anthu a mataye, ndi mayi mmodzi wolemba zimene tikunena. Ndipo kumapeto wina ankavula magalasi n'kufunsa, "Nanga ku Amerikako munapitako?"

M'tauni ya njanji ndinayankha kuti, "Dziko limene ndimaphunzitsa kulibe ndege yopitako." Anaseka, nandilemba. Kumeneko malole a thonje ankadutsa kuseri kwa kalasi, ndipo mphepo inkaulutsa timaulusi toyera n'kutigwetsa pabwalo pang'onopang'ono. Ndinkatulutsa ophunzira panja n'kuwauza kuti, "Taonani. Sinowo amagwa chonchi." Iwo ankatola thonjelo m'tsitsi akuseka. Anagama anabzala papaya kuseri kwa nyumba. Litangoyamba maluwa, mkulu wa koleji anandiitana n'kundiuza kuti makolo akufuna ana awo aziphunzira za malonda, anangumi sadyetsa munthu. Tinachoka pa sitima ya katundu. Anagama anayang'ana papaya lija mpaka njanji itakhota.

M'tauni ya paphiri ndinayankha kuti, "Ndikukonzekera." Anagwedeza mitu, nandilemba. Kumeneko nkhungu inkalowa m'kalasi n'kukhala pa mabenchi akumbuyo. Tinapita kumaliro kwa masabata angapo, ndipo pobwera ndinapeza chiswe chitalowa m'makatoni anga. Kunja mabuku ankaoneka abwinobwino, koma ukatsekula munali dothi lokhalokha. Buku langa la kaunjika linathera momwemo. Sindinalire. Lolemba lake ndinaima patsogolo pa kalasi chimanjamanja, ndipo ndinadabwa kuona kuti dziko lonse lija linali litasamukira m'chifuwa mwanga. Nkhalango zinali momwemo, madoko, minda ya thonje, amayi a pawindo. Kuyambira nthawi imeneyo ndinayamba kukumana nawo panjira. M'minibasi ndinkapanikizana ndi osaka anangumi, zovala zawo zikununkha mchere. Pachigayo ndinkaona mlaliki wa chipewa chachitali ali pamzere ndi thumba lake. Sankandipatsa moni, koma ankandidziwa. Anagama anabzala peyala. Peyala limachedwa, ndipo mwini mpando sanachedwe.

Madzulo aliwonse, dzuwa lisanalowe, ndinkamuwerengera phunziro la mawa lake ndikulitembenuzira m'Chichewa, iye akuthira dothi m'machubu. Za ndakatulo sankafunsa zambiri. Ankafunsa kuti anthu othawa aja ankadya chiyani m'tchire, kuti nyumba zamatabwa sizinkapsa bwanji, kuti mtengo uja umatalika kufika pati, khungwa lake ndi losalala kapena lokakala. Ndikayankha, ankamaliza ndi funso lake lija, "Mwaona kapena mwawerenga?" Tinkaseka. Linasanduka ngati moni wa m'nyumba mwathu.

M'tauni yotentha sindikukumbuka chimene ndinayankha. Kumeneko ophunzira anga anali akuluakulu, aphunzitsi a pulayimale obwera kudzawonjezera maphunziro. Tsiku lina ndikuphunzitsa za akapolo amene anathawa n'kulemba mbiri zawo, mayi wina wakumbuyo anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, agogo a agogo anga anagwidwa padambo limene lili kuseri kwa msika, akutunga madzi. Anawatengera kunyanja yamchere. Iwowo alembedwa pa tsamba liti?"

Ndinayang'ana m'munsi mwa pepala langa. Munalibe kanambala kawo. "Palibe amene analemba," ndinatero.

"Ndiye kuti sanakhaleko?"

Belu linalira. Ndinanyamula choko changa n'kutuluka. Ndinaphunzira kuti munthu amene mawu ake sanalembedwe, aliyense amangomuyankhulira. Phunziro limeneli ndinalimva bwinobwino, koma ndinaliika m'katoni pamodzi ndi zina. Anagama anabzala mango, ndipo mbuzi za eni nyumba zinkaudikira kuti tichoke.

Matauni ena ndawaiwala. Ena ndimawasokoneza, mwina inali tauni imodzi imene tinkailowera mbali zosiyana. Koma mzinda wa mahotela ndimaukumbuka. Kunali msonkhano wa anthu a ntchito yathu, aliyense atakoleka dzina lake pachifuwa. Pa nthawi ya tiyi anandikumanitsa ndi Dokotala Sambakunsi, munthu wonenepa wansangala, amene anali atangobwera kumene kuchokera kutsidya. Atamva zimene ndimaphunzitsa anandigwira paphewa.

"Achimwene, ndinakuonerani dziko lanulo. Nkhalango zanu zija ndi poimika magalimoto. Padoko pa osaka anangumi pali sitolo yogulitsa makapu ojambulidwa nangumi, ndagulako awiri. Nyumba ya wolemba wina ndinalowamo. Pakhomo umagula tikiti, bedi lake analizinga ndi chingwe kuti usakhudze. Sinowo? Tsiku loyamba ndi woyera. Lachiwiri ndi matope ngati a kwathu konkuno."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Pobwerera, m'minibasi munali anthu wamba okhaokha. Osaka anangumi sanakwere tsiku limenelo, ndipo anatenga nthawi kuti abwererenso. Nditafika kunyumba ndinamufotokozera Anagama zonse, makapu, chingwe, matope.

"Nanga mtengo uja anauona?" anafunsa.

"Sindinawafunse."

"Ndiye sanaone kanthu," anatero, n'kupitiriza kuthirira.

Ine sindinazitenge choncho. Dziko la m'chifuwa mwanga linalibe chingwe. Chiswe chinalephera kulidya, akulu a makoleji analephera kulichotsa ntchito. Ndinazindikira kuti chinthu chimodzi chokha chikanatha kulipha, ndicho kupitako.

Kenako tinafika m'tauni ino, ya khonde lino. Pulofesa Matewere anali atapuma ntchito, akuyenda ndi ndodo. Lachiwiri lina anabwera okha ku ofesi kwanga, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ngati ya mwana. Kwa zaka zambiri anali akundipemphera malo kutsidyako ine osadziwa, ndipo tsopano anthu aja anavomera.

"Ine sindinapiteko," anatero. "Mawondo atha. Iwe upite, ukagwire mapepala awo ndi manja, ukandiuze kuti amanunkha bwanji. Ukapite ku gwero, mwana wanga."

Ndinayang'ana nkhope imeneyo. Sindikanatha kuiuza kuti ndikuopa. Ndinawapempha tsiku limodzi, ndinazungulira bwalo la mpira, sindinanene kanthu kunyumba, ndipo mawa lake pakamwa panga panachita zimene panazolowera. Panafuna mwini wa mawu.

"Anagama akukana," ndinatero.

Zinatuluka zosalala, ndi kanambala kake komwe. Ndinkaganiza kuti zithera pomwepo. Ndinaiwala kuti Pulofesa si mphunzitsi wanga chabe. Mwamuna wamkulu sapita kukapanikiza mkazi wa mwini ndi mafunso, choncho iwo anachita zimene nkhoswe imachita: anatumiza uthenga kwa nkhoswe inzawo. A Mtambalika anakwera basi yoyamba. Atangotsika, chikwama chisanafike pansi, anauza Ndaziona kuti, "Wachita bwino kukana Amerika ameneyo, mwana wanga. Longedza." Umo ndi mmene mkazi wanga anamvera za ulendo umene anaukana. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anatenga keni n'kupita kukathirira mbande, ndipo kuyambira dzulo lakelo anali asanandiyankhule.

"Mukundimva, akulu?" Mawu a a Mtambalika anandibweza pakhonde. Dzuwa linali litasuntha, mthunzi utafika pa mapazi a Pulofesa. "Mwana wathu wanena kuti watopa. Akufuna kwawo. Nkhani yatha."

Pulofesa anaweramira kutsogolo. Ndinkaudziwa mweramo umenewo. "Wanena liti?"

"Liti chiyani?"

"Mawu amenewo. Wawanena liti, kwa yani, panali ndani?"

"Akulu, muno si m'kalasi. Ine mwanayu ndinamunyamula ali wakhanda, anandikodzera pa malaya a tchalitchi. Safunika kunena. Ndimangoona."

"Ndiye kuti sananene."

"Aaa! Nanga inu a mabuku? Zoti akukana Amerika wanuyo munazimva kwa iyeyo?"

Ndodo ya Pulofesa inasiya kugogoda. "Ndinamva kwa mwamuna wake," anatero chapansipansi.

"Eyaa! Wakumva mnzanga. Bwerani tikhale benchi imodzi."

Pulofesa anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye. Anandiyang'ana monga ankayang'anira tsamba limene lili ndi kanambala pamwamba koma m'munsi mulibe kanthu. Ine ndinayang'ana msewu, koma ulendo uno msewu sunanditenge. Panalibe lole, panalibe mlaliki wa chipewa chachitali, panali nkhuku yokha ikupalasa.

Kenako mkuluyo anavula chipewa, nakoka mpando wake movutikira mpaka unayang'anizana ndi mkazi wanga.

"Mayi, mwambo umati ife tikuyankhulireni. Koma ntchito yanga imati ndipite ku gwero, ndipo ndachedwa kupitako. Mundikhululukire. Inuyo mukufuna chiyani?"

Linali funso la mlonda uja. Kwa zaka zonsezi ndinkalizemba pa mageti, ndipo sindinaganizepo zolibweretsa kunyumba.

Ndaziona anapukuta dothi la m'manja pa chitenje chake. Sanafulumire. Anayamba ndi a Mtambalika.

"Atsibweni, basi ya mawa mukwera nokha. Ndikupatsani mbande ya mango mukabzale kuseri kwa nyumba ya amayi. Kutopa ndimatopa, koma sindinakutumeni."

"Iwe mwana, ine ndabwera kudzakuthandiza..."

"Mwathandiza. Mukanapanda kubwera sindikanamva." Anatembenukira kwa Pulofesa. "Bambo, ulendo umenewu ine ndaumvera pa chipata dzulo. Kukana sindinakane. Palibe anandifunsa."

Pomaliza anayang'ana ine, nanditchula dzina limene amanditchula tikakhala awiri.

"Inu munandifunsira ndi mtengo. Mwaiwala? Papaya lija, peyala lija, mango aja anadyedwa ndi mbuzi, mukuganiza kuti ndinkazisiya chifukwa cha nkhope yanu? Ndinkati tauni iliyonse ikutisendeza kufupi ndi mtengowo. Ngati mukuopa kukapeza makapu ndi zingwe, nenani ndi pakamwa panu kuti mukuopa. Pangapa musapabwereke, mwini wake alipo."

A Mtambalika anatsokomola. Pulofesa anagwira chipewa chawo ndi manja awiri.

"Bedi la munthu wakufa akhoza kulizinga ndi chingwe," anapitiriza Ndaziona, "koma nkhalango yonse sangaithe. Penapake mtengo uja ulipo, ndipo chisanu chikamatha ukudontha. Auzeni anthu anuwo kuti tikubwera. Inu mukawerenge mapepala anu, mukanunkhize, mudzawauze abambowa. Ine zowerengeredwa zandikwana. Ndikufuna ndikaime pansi pake, nditchere dzanja, ndilawe ndekha."